Kabanga ka Kuphazi Kamene Kangathe Kutuzula Diso

TETE. Diso la munthu wamkulu likayamba kutuzuka pang'onopang'ono, achibale amafunafuna chifukwa chake m'diso momwemo. Ena amati mwalowa kachitsotso, ena amati ndi utsi wa nkhuni, ena amaloza chala mnansi amene anakangana naye pa malire a munda. Koma madokotala a maso amadziwa kuti nthawi zina gwero la vutolo silikhala kumutu. Likhoza kukhala kunsi kwa phazi, pa kabanga kakuda kamene mwiniwake anakaona zaka zingapo zapitazo nakayesa chipsera cha minga.

Nthenda yake ndi khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Kuti khansa imeneyi iyende mpaka kukamera m'minofu yozungulira diso sizichitikachitika. Enfermeiro akhoza kugwira ntchito pa Centro de Saúde mpaka kupuma osakumana ndi wodwala wotere ngakhale mmodzi. Koma kabanga kamene kamayambitsa zonsezi kamapezeka ndithu pakati pa alimi, ndipo kakapezeka msanga kamachotsedwa munthu nkuchira. Nchifukwa chake anthu a m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Milange, Mecanhelas, Mandimba ndi Lago ayenera kuidziwa nkhaniyi kuyambira kuphazi mpaka ku diso.

Melanoma nchiyani

Khungu la munthu aliyense lili ndi timaselo timene timapanga utoto wakuda wotchedwa melanini. Utoto umenewu ndi umene umapatsa khungu, tsitsi ndi maso mtundu wake, komanso umateteza thupi ku dzuwa. Timaselo timeneti tikasokonezeka nkuyamba kuswana mosalekeza, pamabuka khansa, imene m'Chipwitikizi amati cancro. Dzina loti melanoma linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chinthu chakuda.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, OMS, kudzera ku nthambi yake yofufuza za khansa, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 325,000 anapezeka ndi melanoma, ndipo pafupifupi 57,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa odwalawa ndi azungu a ku Australia, New Zealand, Ulaya ndi America, amene khungu lawo limapsa ndi dzuwa. Kwa iwo khansayi imamera kumsana, m'miyendo, kumaso ndi malo ena oombedwa ndi dzuwa.

Kwa anthu akuda nkhani ndi ina. Melanoma siwagwira kawirikawiri, koma ikawagwira imakonda malo amene khungu ndi loyererapo: kunsi kwa phazi, kuchidendene, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Malo amenewa dzuwa silifikako kwenikweni, choncho mtundu umenewu suyamba chifukwa cha dzuwa. Si nthenda yopatsirana. Munthu sangaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala, pomusambitsa kapena pomutsuka chilonda.

Imayamba ngati banga lakuda kapena lofiirira, losatupa ndi losapweteka. Pakapita miyezi limakula, m'mbali mwake mumakhala mokhotakhota, ndipo mtundu wake sukhala umodzi: pena pakuda bii, pena potuwa. Kenaka pakati pake pamatuluka chotupa, chimaphulika, chimatuluka magazi kapena madzi, nkukhala chilonda chosapola. Pa chikhadabo imaoneka ngati mzere wakuda woyenda kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, umene umanka nukula m'lifupi. Kuda kuja kukadumpha chikhadabo nkufika pa khungu la m'mbali mwake, chimenecho ndi chizindikiro choopsa. Palinso melanoma ina yopanda utoto, imene imangooneka ngati mnofu wofiira wosachedwa kuchucha magazi.

Vuto lalikulu m'midzi ndi loti phazi la mlimi silisowa zipsera. Pali zikang'a, pali mabala a matekenya, a minga, a chitsa ndi a khasu. Kabanga katsopano kamabisala pakati pa zimenezi. Kuonjezera apo, ndi anthu ochepa amene amatembenuza phazi lawo nkuliyang'ana kunsi, makamaka okalamba amene msana unauma ndipo maso anayamba kuchita chidima.

Chitsanzo cha woimba wa ku Jamaica

Anthu ambiri a m'malire amamudziwa Bob Marley, woimba wa reggae wa ku Jamaica, amene anaimba pa bwalo la Rufaro m'mwezi wa Epulo 1980 pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe. Si onse amene amadziwa chimene chinamupha. M'chaka cha 1977 anapezeka ndi melanoma pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi lamanja. Poyamba chilondacho chinkayesedwa bala la mpira, popeza iye ankakonda kusewera mpira. Madokotala analangiza kuti chalacho chidulidwe. Iye anakana, ndipo anangochotsedwa chikhadabo ndi mnofu wa pansi pake.

Kwa zaka zitatu anapitiriza kuimba ndi kuyenda maiko ngati munthu wabwinobwino. M'mwezi wa Seputembala 1980 anagwa akuthamanga mumzinda wa New York, ndipo atamuyeza anapeza kuti khansa ija yafalikira m'thupi, mpaka ku bongo ndi m'mapapo. Anamwalira pa 11 Meyi 1981 ku Miami ali ndi zaka 36.

Kwa Marley khansayi siinadziwike ndi kutuzuka kwa diso, koma njira imene inayenda ndi yomweyo imene nthawi zina imakathera kuseri kwa diso. Nkhani yake ikusonyezanso kuti zaka zimene wodwala akuoneka wathanzi si umboni woti nthenda yatha. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma.

Ulendo wochokera kuphazi

Melanoma ikadali pamwamba pa khungu ilibe njira yopitira kwina. Ikamazika mizu kunsi imakumana ndi timitsempha ta mitundu iwiri. Toyamba ndi timene timanyamula madzi a m'thupi kupita nawo ku anabere. Tachiwiri ndi ta magazi.

M'chaka cha 1970 dokotala wina wa ku America, Alexander Breslow, anasonyeza kuti tsogolo la wodwala limadalira kwambiri kuya kwa chotupa m'khungu. Muyeso wakewo ukugwirabe ntchito mpaka lero. Chotupa chosafika milimita 1 kuya kwake chikachotsedwa bwino, odwala ochuluka zedi amachira. Chikapitirira mamilimita 4, mwayi woti chatumiza kale mbewu zake kwina umakhala waukulu. Mamilimita 4 ndi kamuyeso kakang'ono, kosaposa njere ya mapira, koma pamenepo mpamene pagona kusiyana kwa kuchira ndi kusachira.

Melanoma ya kuphazi kawirikawiri imayamba yaima m'mphechepeche mwa ntchafu. Pamatuluka mwanabere wolimba, wosapweteka, amene sabwerera ngakhale patapita milungu. Mwanabere wa bala wamba amapweteka ndipo amaphwa bala likapola. Kuchokera apo, kapena mwachindunji kudzera m'magazi, timaselo ta khansa timakafika m'mapapo, m'chiwindi, ku bongo, m'mafupa ndi pansi pa khungu la malo ena. Mwa odwala owerengeka okha, timakafika m'chibowo cha diso.

Chibowo chimenechi ndi kaphanga kopangidwa ndi mafupa 7 a chigaza, kotakata kutsogolo ndi kopanikizika kumbuyo. Kukula kwake ndi pafupifupi mamililita 30, ngati masipuni awiri aakulu a madzi. Diso lenilenilo limatenga gawo lochepa chabe. Malo otsalawo muli mafuta amene diso limatsamira, minofu 6 yotembenuza diso, mnofu wina wokweza chikope, kachiwalo kopanga misozi, mitsempha ya magazi, ndi mtsempha waukulu wonyamula zimene diso laona kupita nazo ku bongo.

Mbewu za khansa zochokera kutali zimalowa m'menemu kudzera m'magazi. Madokotala aona kuti melanoma imakonda kumera m'minofu yotembenuza diso, imene imalandira magazi ambiri. Popeza kumbuyo ndi m'mbali muli mafupa, chotupa chikamakula chilibe kothawira. Chimakankhira diso kutsogolo, kumene kuli khomo lokhalo lotseguka. Kumeneko ndiye kutuzuka.

Mwa khansa zonse zimene zimasamukira m'chibowo cha diso mwa akuluakulu, imene imatsogola ndi ya m'mawere. Ya m'mapapo ndi ya prostata ya abambo zimapezekanso. Melanoma imatenga gawo laling'ono. Ikhozanso kufika m'chibowomo osachokera kutali, monga pamene yayambira m'kati mwa diso lenilenilo, pa kakhungu kophimba choyera cha diso, pa chikope, kapena m'mphako za mphuno, nkumadya minofu yoyandikana nayo. Melanoma ya m'kati mwa diso imagwira kwambiri azungu ndipo ndi yosowa mwa anthu akuda. Yosowa koposa zonse ndi imene imayambira m'chibowo momwemo.

Zizindikiro za ku diso

Chizindikiro choyamba kwa odwala ambiri ndi kuona zinthu ziwiriziwiri. Mnofu umodzi ukatupa, diso limalephera kutembenuka mofanana ndi linzake, ndipo munthu amaona njira ziwiri, makasu awiri, ana awiri pamene pali mmodzi. Akatseka diso limodzi zinthu zimabwerera m'malo mwake. Ena amayamba kupendeketsa mutu poyang'ana.

Kenaka diso limodzi limaoneka lalikulu kuposa linzake, kapena limakankhidwira m'munsi kapena kumbali. Chikope chimatupa kapena chimagwa. Pamakhala kupweteka kwa m'kati, kuseri kwa diso, kumene kumakula poyang'ana mbali ina. Choyera cha diso chimafiira ndi kutupa ngati muli madzi. Chotupa chikafinya mtsempha waukulu uja, kuona kumachepa mpaka diso kuchita khungu. Diso likatuzuka kwambiri chikope chimalephera kutseka, galasi la kutsogolo kwa diso limauma, limachita chilonda, ndipo likhoza kuphulika.

Zonsezi zimachitika m'milungu kapena miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri ku diso limodzi. Zimasiyana ndi ng'ala ya okalamba, imene imaphimba diso pang'onopang'ono kwa zaka popanda kutupa kapena kupweteka.

Chimene chimasokoneza anthu ndi nthawi imene imadutsa pakati. Munthu akhoza kuchotsedwa kachotupa kuphazi, bala nkupola, iye nkubwerera kumunda, ndipo diso nkudzayamba kuvuta patapita zaka. Pofika nthawi imeneyo za kuphazi zija anaiwala, ndipo akapita kuchipatala sazitchula. Dokotala wa maso nayenso akhoza kuyang'ana diso lokha, wodwala atavala nsapato. Choncho munthu aliyense amene anachotsedwapo chotupa cha pakhungu, kapena anadulidwa chala chifukwa cha chilonda chosapola, ayenera kunena zimenezi yekha asanafunsidwe, ndi kuvula nsapato kuti aonetse chipsera. Kapepala kalikonse ka kuchipatala, kaya ka ku Mozambique kapena kabuku ka ku Malawi, kasungidwe m'pulasitiki ndipo kanyamulidwe pa ulendo uliwonse wa kuchipatala.

Si kutuzuka kulikonse kumene kuli melanoma

Ogwira ntchito za umoyo amachenjeza kuti banja lisataye mtima lisanamve zotsatira za kuyeza. Nthenda zambiri zimene zimatupitsa diso m'madera a m'malire ndi zina, ndipo zambiri mwa izo zimachizika.

Diso likatupa m'masiku awiri kapena atatu, lofiira, lotentha, wodwala akumva malungo m'thupi, kawirikawiri ndi mafinya ochokera m'mphako za mphuno kapena ku bala. Ameneyu ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo kuti alandire jekeseni, chifukwa mafinyawo akhoza kulowa ku bongo. Maso onse awiri akatuzuka, mtima ukugunda msanga, munthu akuonda ngakhale akudya bwino, vuto likhoza kukhala la chithokomiro.

Mwa ana muli khansa ziwiri zofunika kuzidziwa. Yoyamba ndi imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda m'chaka cha 1958. Imatupitsa nsagwada, mimba kapena diso mofulumira kwambiri, imapezeka m'madera a malungo ambiri, ndipo imamva mankhwala ikafulumiziridwa. Yachiwiri ndi retinoblastoma, ya ana osapitirira zaka 5, imene imayamba ndi kuwala koyera pa mwanadiso, ngati diso la mphaka usiku. Mwana wotere asadikire kuti diso lituzuke.

Mwa akuluakulu, khansa ya ku diso imene ikupezeka kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi imene imamera pa choyera cha diso, pafupi ndi chakuda, ngati kamnofu kotuwa kapena kofiira. Imayenderana ndi kachilombo ka HIV komanso dzuwa. Ikadali yaing'ono amaichotsa diso nkutsala bwinobwino. Ikalekereredwa imadya diso lonse mpaka kulowa m'chibowo.

Kuphazi nakonso kuli nthenda yofanana ndi melanoma. Khansa ya Kaposi, imene yafala pamodzi ndi HIV, imatulutsa mabanga akuda kapena ofiirira m'miyendo ndi m'mapazi, kawirikawiri ambirimbiri, mwendo nkutupa. Chithandizo chake ndi china, ndipo chimayamba ndi mankhwala a TARV. Anthu achialubino amavutika kwambiri ndi khansa za pakhungu zoyamba ndi dzuwa, koma kawirikawiri zimakhala za mitundu ina, osati melanoma. Kusiyanitsa zonsezi ndi maso okha nkosatheka, ngakhale kwa dokotala. Pamafunika kuyeza.

Njira ya kuchipatala

Ulendo umayambira pa Centro de Saúde yapafupi. Kumeneko enfermeiro kapena técnico amaona wodwala nalemba kalata yomutumizira patsogolo, imene imatchedwa guia de transferência. Wa ku Angónia amapita ku chipatala cha ku Ulónguè, ndipo kuchokera apo ku Hospital Provincial de Tete, mtunda wa makilomita oposa 200. A ku Niassa amatumizidwa ku Lichinga, a ku Milange ku Quelimane. Nkhani zovuta zimapitirira mpaka ku zipatala zazikulu za Beira, Nampula ndi Maputo.

Kuti adziwe chimene chili kuseri kwa diso amajambula mutu ndi makina amene m'zipatala amawatchula TAC. Chithunzicho chimaonetsa ngati pali chotupa, kukula kwake, ndi mnofu umene chagwira. Amajambulanso chifuwa ndi kuunika mimba kuti aone mapapo ndi chiwindi, popeza melanoma ikafika ku diso kawirikawiri imakhala itafika kale kwina. Koma chimene chimatchula dzina la nthenda ndi biópsia: kudula kachidutswa ka chotupa nkukatumiza kwa madokotala oyeza minofu, amene amapezeka m'zipatala zazikulu. Ngati pali chotupa kuphazi kapena mwanabere m'mphechepeche, nthawi zambiri amatenga pamenepo chifukwa mposavuta kufikapo. Zotsatira zimatenga milungu. Wodwala afunse tsiku lodzazimva ndipo abwerere pa tsikulo, ngakhale bala litapola.

Pali mantha m'midzi oti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni wa dokotala chimakwiya nkufalikira. Mantha amenewa amabwera chifukwa ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale, ndipo akamwalira pambuyo pa opaleshoni anthu amanena mpeni. Chimene chimafalitsa melanoma ndi nthawi imene yakhala pa thupi isanachotsedwe.

Ndi zodziwika kuti mabanja ambiri a m'malire amaoloka kupita ku zipatala za ku Malawi, zimene kwa iwo zili pafupi kuposa Tete: ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ku Mulanje, kapena ku chipatala cha mishoni cha Nkhoma chimene chimadziwika ndi ntchito ya maso. Chofunika ndi choti mbali iliyonse imene munthu wayambira, asasiye chithandizo pakati nkukayambiranso kwina popanda mapepala. Miyezi yambiri imatayika motere.

Chithandizo chimene chilipo

Melanoma ikadali kuphazi, mankhwala ake ndi opaleshoni. Dokotala amachotsa chotupa pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, sentimita 1 kapena 2 malinga ndi kuya kwake, ndipo nthawi zina amatenga khungu pa ntchafu kudzaphimba balalo. Ya pansi pa chikhadabo kawirikawiri imafuna kudula nsonga ya chala kapena chala chonse. Mlimi wodulidwa chala cha kuphazi amayendabe, amalimabe ndipo amapalasabe njinga.

Ikafika m'chibowo cha diso, nthenda imakhala ili m'thupi lonse, ndipo cholinga chachikulu cha chithandizo chimakhala kuchepetsa ululu, kuteteza kuona ndi kutalikitsa moyo. Kuotcha chotupa ndi cheza cha makina, kumene amati radioterapia, kumathandiza kuchepetsa kutupa ndi kupweteka. Ku Mozambique makina amenewa anatsegulidwa m'chaka cha 2019 pa Hospital Central de Maputo, chaka chomwe boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029. Koma kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500, ndipo wodwala amafunika womuperekeza ndi pogona.

Pali opaleshoni ina yochotsa diso pamodzi ndi zonse za m'chibowo. Imeneyi imathandiza pamene khansa yayambira pa diso pomwepo ndipo siinapite kwina. Kwa amene khansa yachokera kutali, kuchotsa diso sikuchotsa nthenda, choncho madokotala amachita zimenezi pokhapokha ululu kapena chilonda zikakanika njira zina. Banja lili ndi ufulu wofunsa dokotala momveka bwino kuti opaleshoniyo cholinga chake ndi kuchiza kapena kuchepetsa ululu.

Kale melanoma yofalikira inkapha m'miyezi yochepa, ndipo mankhwala akale a khansa sankaigwira kwenikweni. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2011, pamene ku America anavomereza mankhwala otchedwa ipilimumab, ndipo mu 2014 kunabwera pembrolizumab ndi nivolumab. Mankhwalawa amamasula asilikali a m'thupi kuti azindikire khansa nkuimenya okha. Akatswiri awiri amene anatulukira njirayi, James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan, analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mtsogoleri wakale wa America, Jimmy Carter, anapezeka mu 2015 ndi melanoma imene inafika m'chiwindi ndi ku bongo. Atachitidwa opaleshoni, radioterapia ndi kulandira pembrolizumab, anakhala ndi moyo mpaka pa 29 Disembala 2024, pamene anamwalira ali ndi zaka 100.

Komabe mankhwala amenewa sagwira wodwala aliyense, ndipo melanoma ya kuphazi imawamva mocheperapo poyerekeza ndi ya dzuwa. Mtengo wake ndi woti mlimi wa mbatatesi ku Tsangano kapena wa fodya ku Macanga sangaufikire ngakhale atagulitsa zokolola za zaka zambiri. Kwa anthu a m'midzi, chitetezo chodalirika chikadali kuchotsa kabanga kaja kasanazike mizu.

Kusamalira wodwala pakhomo

Wodwala amene khansa yafika ku diso sayenera kungosiyidwa m'nyumba kuti palibenso chochita. Ululu wa khansa uli ndi mankhwala, kuyambira paracetamol mpaka morfina, amene amaperekedwa ndi chipatala. Amagwira bwino akamwedwa pa nthawi yake tsiku lililonse, osati kudikira kuti ululu ufike povuta. Amene akumwa morfina amadzimbidwa, choncho amwe madzi ambiri, adye zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo auze a chipatala.

Diso limene silikutseka lipakidwe mafuta a m'maso ochokera kuchipatala, makamaka pogona, ndipo liphimbidwe mosafinya ndi kansalu koyera kuti fumbi ndi ntchentche zisafikepo. Potsuka agwiritse ntchito madzi owiritsa ndi kuziziritsa, m'manja mutasambidwa ndi sopo. Amene akuona ziwiriziwiri aphimbe diso lodwalalo poyenda kuti asagwe, ndipo asapalase njinga kapena kuyendetsa njinga yamoto. Kugona mutu uli pamwamba pang'ono kumachepetsa kutupa kwa m'mawa. Mutu ukayamba kupweteka kwambiri, wodwala nkumasanza, kukomoka kapena kufooka mbali imodzi, abwerere naye kuchipatala, chifukwa zikhoza kusonyeza kuti nthenda yafika ku bongo.

Nkhope ikasintha, odwala ambiri amachita manyazi nkusiya kupita ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku msika. Anansi akamawazemba, katundu amalemera kawiri. Mutu umodzi susenza denga: mipingo, magulu a amayi ndi anyakwawa akhoza kusonkha ya chapa yopitira ku Tete, kulimira banjalo, kapena kusinthana pogonera wodwala.

Za mphini ndi mankhwala othira m'maso

Anthu ambiri amayamba afika kwa sing'anga asanapite kuchipatala, ndipo sing'anga ndiye amaona phazi kapena diso lija poyamba. Zinthu ziwiri zimaononga kwambiri. Choyamba ndi kutema mphini pa banga lakuda, kuliotcha kapena kulipala ndi lezala. Pamwamba pakhoza kuuma, koma mizu imatsala, ndipo miyezi imene ikanapulumutsa munthu imapita. Chachiwiri ndi kuthira m'diso madzi a masamba, utomoni wa mitengo, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena shuga. Madokotala amene anafufuza ku Chikwawa, m'dziko la Malawi, m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti mankhwala othira m'maso otere ankaonjezera zilonda za m'maso. Anapezanso kuti asing'anga akakambirana nawo mwaulemu amavomera kutumiza odwala kuchipatala.

Ku Mozambique asing'anga ali ndi bungwe lawo, AMETRAMO, limene limakumana ndi a zaumoyo m'maboma. Sing'anga amene waona chilonda chakuda cha kuphazi kapena diso lotuzuka nkunena kuti ichi nchofunika kuchipatala, wachita ntchito yaikulu ndipo ulemu wake suchepa.

Kuyang'ana mapazi

Palibe katemera wa melanoma, ndipo kuvala nsapato, ngakhale kumateteza ku minga ndi matekenya, si chitsimikizo choti munthu sangaidwale. Chimene banja lililonse lingathe ndi kuyang'ana. Kamodzi pa mwezi, pambuyo posamba, munthu wamkulu aone kunsi kwa mapazi onse awiri, pakati pa zala, kuchidendene, m'zikhatho ndi m'zikhadabo, pa malo owala. Amene sangathe kuwerama agwiritse ntchito kalilole, kapena apemphe mkazi wake, mwamuna wake kapena mdzukulu. Mdzukulu amene amachotsa agogo ake minga ndiye amene angayambe kuona banga latsopano.

Anthu akuda ambiri ali ndi timabanga ta m'mapazi ndi timizere ta m'zikhadabo timene anakhala nato kuyambira kale, ndipo timeneti sitisintha. Chofunika kupita nacho ku Centro de Saúde ndi banga limene labwera munthu atakula kale ndipo likukula, banga limene lasintha mtundu kapena layamba kutuluka magazi, mzere wa pa chikhadabo chimodzi umene ukunka nutakata, chilonda cha kuphazi chimene chatha miyezi iwiri osapola ngakhale chikutsukidwa, ndi mwanabere wolimba amene sakuphwa. Ku diso, kuona ziwiriziwiri kumene kwayamba mwadzidzidzi, kapena diso limodzi kuyamba kutuzuka, nzosafunika kudikira kuti akolole kaye kapena agulitse kaye fodya.

Amene wapatsidwa mafuta opaka kapena mapiritsi koma chilonda osasintha, abwerere ndipo apemphe mwaulemu kuti atumizidwe patsogolo kukayezedwa. Safunsa anadya phula. Opaleshoni ya kabanga kakang'ono imatenga nthawi yochepa ndipo munthu amabwerera kumunda nyengo yomweyo, pamene chotupa cha kuseri kwa diso chimafuna ulendo wa ku Maputo umene mabanja ambiri sangaukwanitse. M'mera mpoyamba.